Chitaganya cha Papepala ndi Bwalo la Kwathu ku Mikolongwe

Agogo anga aakazi ku Mikolongwe akamva mawu akuti "chitaganya" amapukusa mutu. Iwo amakumbukira chija cha Roy Welensky, chomwe chidamangirira Nyasaland ku maiko awiri a Rhodesia kuyambira 1953 mpaka 1963 eni dziko akukana. Koma chisankho cha 2014 chitangotha, anthu ena, makamaka a m'chigawo cha kumpoto, adayamba kupempha chitaganya cha mtundu wina: kuti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lakelake. Dandaulo lawo, lakuti chitukuko chimakondera, ndimalimva ndithu. Mankhwala akewo ndi amene ndikuwakayikira, ndipo chifukwa changa ndachitenga m'mbiri ya maiko a sosholizimu.

Tiyambe ndi Soviet Union, yomwe idakhazikitsidwa mu 1922 ndipo idafika pokhala ndi zigawo 15. Papepala zonse zidali bwino. Malamulo ankalola chigawo kuchoka m'chitaganyacho chikafuna. M'zaka za m'ma 1920 akatswiri adapangira zilembo ziyankhulo zambiri zomwe zidali zisanalembedwepo, ana nkuyamba kuphunzira m'chiyankhulo cha makolo awo. Monga wophunzira za ziyankhulo, gawo limeneli limandichititsa kaso. Komatu chipani chidali chimodzi, ndipo mawu omaliza ankachokera ku Moscow. Mu 1938 Stalin adalamula kuti Chirasha chiphunzitsidwe m'sukulu zonse, ndipo zilembo zatsopano zija adazisinthanitsa ndi za Cyrillic. Amene adapereka ndi yemweyo adalanda. Chomwe chidatsala ndi malire a mitundu komanso ziphaso zolembedwa mtundu wa munthu. Chipani chitafooka, dzikolo lidang'ambika mu 1991 motsata malire omwewo.

Yugoslavia ndiye idayesadi kugawana mphamvu. Malamulo a 1974 adapatsa zigawo zake zisanu ndi chimodzi ulamuliro weniweni, ndipo Tito atamwalira mu 1980 upulezidenti unkazungulira chaka ndi chaka. Nako kudagawikana. Czechoslovakia idapatukana mwamtendere pa 1 Januwale 1993 poti Acheki ndi Asilovaki ambiri ankakhala kale mbali zosiyana. Koma ku Bosnia, komwe mitundu idasakanikirana mpaka kukwatirana, nkhondo ya 1992 mpaka 1995 idapha anthu pafupifupi 100,000.

Apa ndi pamene ndimaganizira kwathu. Amayi anga ndi Mlomwe, abambo anga ndi Myao, oyandikana nawo nyumba ndi Amang'anja, ndipo tonse timacheza m'Chichewa. Chilomwe agogo amachitulutsa akapsa mtima kapena akakumana ndi anzawo pamaliro. Malire a mitundu atati alembedwe, angadutse pabwalo pathu penipeni. Wina anena kuti ofuna chitaganya akunena za zigawo, osati mitundu. Zoona. Koma mu 1994 kumwera kudavotera a Muluzi, pakati a Banda, kumpoto a Chihana. Chigawo ndi mtundu kuno zimayendera limodzi kuposa momwe timavomerezera, ndipo Mtumbuka wogulitsa nsalu ku Limbe angasanduke mlendo.

Sindikunena kuti mphamvu zonse zikhale kulikulu. Aneba athu a ku Mozambique, komwe makolo a amayi anga adachokera, adaiyesa njira imeneyo. Chipani cha FRELIMO chitalengeza Marxism-Leninism mu 1977, boma lidakankhira pambali mafumu, lidasonkhanitsa anthu m'midzi yalimodzi, ndipo Chipwitikizi chokha ndicho chidali chiyankhulo cha boma ndi sukulu. RENAMO, mothandizidwa ndi Rhodesia kenaka South Africa, idapezerapo mwayi pa mkwiyo wa anthu akumudzi. Nkhondo isanathe mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno. Mu 2000 boma lomwelo lidavomerezanso mafumu. Ifenso tili ndi chipsera chathu: mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo bala lake likumvekabe m'mawu a ofuna chitaganya.

Chomwe ndingakonde ndi chakuti tiyambe tayesa zomwe tidalemba kale. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalonjeza mphamvu ku anthu. Makhansala adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala mpaka 2014. Kodi si chitaganya cha papepala chomwecho? Ngati likulu limakakamira ndalama za mlatho wa ku Chiradzulu, likulu latsopano ku Blantyre lingasinthe chiyani? Khonsolo ilibe mbendera, siifunsa mtundu wa munthu, ndipo khansala tikhoza kumupeza pamsika.

Pali ndi nkhani ya chiyankhulo, yomwe mbali zonse ziwiri zimaidumpha. Malamulo athu amafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo bajeti imawerengedwa m'Chingerezi. Agogo akhala akuvota kuyambira pa riferendamu ya 1993, koma zokambirana za aphungu amazimva ine ndikakhala pa tchuthi nkumawamasulira.