Kulosera mitengo ya masheya: malonda kapena juga?

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja akhala akufunafuna posunga ndalama kuti zisasungunuke. Zomwe ana athu amatumiza kuchokera ku Joni sizikugulanso malata ochuluka monga kale. Apa ndi pomwe alowerera anthu a pa Facebook ndi WhatsApp, odzitama kuti amadziwa kulosera ngati mtengo wa sheya ya Tesla kapena Apple ukwere kapena utsike, ndipo akukopa achinyamata athu ku malonda otchedwa options.

Wogula sheya amakhala mwini wa kagawo ka kampani. Kampaniyo ikapindula amalandirako, ikaluza nayenso amaluza. Wogula option sagula kampani ayi. Amalipira ndalama kuti akhale ndi ufulu wodzagula kapena kudzagulitsa sheya pa mtengo wogwirizana, tsiku loikika lisanadutse. Tsikulo likadutsa mtengo usanayende momwe ankayembekezera, ndalama yomwe analipira yapita yonse. Mtundu womwe wafala pa mafoni, wa binary options, ndi woipirapo: munthu amangosankha kuti mtengo ukwera kapena utsika m'mphindi zowerengeka.

Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pamsonkhano wake wa ku Jeddah mu 1992, linagamula kuti malonda a options ndi osaloledwa, pakuti chogulitsidwacho si katundu, si ntchito, komanso si ufulu woti munthu angalipiritse. Ophunzira a Fiqh akamafotokoza gharar, kapena kuti malonda a chinthu chosatsimikizika, amapereka chitsanzo cha kugulitsa nsomba ikadali m'madzi. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay safuna womumasulira. Palibe mayi wa geni amene angalipire usipa womwe chilimira sichinakole, atauzidwiratu kuti bwato likabwera lopanda kanthu ndalama sibwezedwa. Kuonjezera apo, zomwe wina wapata pa option ndi zomwezo zimene mnzake wataya, ndipo chimenechi ndicho chizindikiro cha maysir, juga yomwe Surah Al-Maidah ikuiika pamodzi ndi mowa.

Alipo ophunzira ena amene amafanizira option ndi arbun, chikole chomwe wogula amasiya. Ife tikuona kuti fanizoli ndi lopunduka: chikole chimawerengedwa pa mtengo wa katundu weniweni, pamene ndalama ya option ndi mtengo wa lonjezo chabe, lomwe limagulitsidwanso palokha.

Si mashehe okha amene anaona vutoli. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa binary options kwa anthu wamba mu 2018, ndipo Britain inatero mu 2019, chifukwa ambiri ankangotayirako ndalama. Nanga wolosera uja, akanakhala kuti akudziwadi za mawa, bwenzi akupempha ana athu tindalama ta pamwezi?

Ku msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kampani ya NICO inali yoyamba kulembetsa mu 1996, kulibe malonda a options. Komabe Msilamu sangangolowa chilowelowe. Masheya ambiri okopa kumeneko ndi a mabanki, omwe phindu lawo lalikulu ndi chiwongoladzanja. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain linaika malire: ntchito ya kampani ikhale ya halali, ngongole zake za chiwongoladzanja zisapose 30 peresenti ya mtengo wake pamsika, ndipo ndalama zochokera ku zoletsedwa zisapose 5 peresenti ya zolowa, zomwenso mwini sheya ayenera kuzichotsa ndi kuzipereka kwa osowa. Choncho ngakhale kampani ya shuga kapena ya mafoni iyenera kuyesedwa chaka ndi chaka.

Kuwerenga malipoti a makampani sitingakusiyire bambo wa ku Chipoka amene wangolandira ndalama kuchokera kwa mwana wake. Tikupempha bungwe la Muslim Association of Malawi kuti likhale pansi ndi mashehe komanso Asilamu odziwa kuwerengera chuma, ayese makampani onse a pa msikawu, ndi kutulutsa mndandanda wake m'Chichewa ndi m'Chiyao.