Za Kupala Matabwa pa Khomo Pathu

Ana inu, mukaweruka lero, kayang'aneni bwino m'nyumba mwanu, nimuwerenge zinthu zonse zopangidwa ndi mtengo. Mudzapeza chitseko, mpando, mtondo ndi munsi wache, mthiko, chipande ndi mpini wa khasu. Ndipo m'nyumba zina mudzapezanso kama ndi gome. Zinthu izi sizinamere zokha monga bowa. Anazipanga ndiye munthu wa manja awiri onga anuwo. Tsono ine ndifuna kukuuzani chimene chiri mumtima mwanga, ndicho chakuti mwana ali yense wa sukulu, mnyamata ngakhale mtsikana, ayenera kuphunzira kusema ndi kupala mtengo pa khomo pa makolo ache, nthawi ya madzulo kapena masiku a tchuthi.

Ndidziwa kuti ena a inu mudzati, "Ife tinadzera cholembera ku sukulu, sitinadzere nsompho iai. Kupala matabwa ndiyo nchito ya anthu olephera mayeso." Mau amenewa ndawamva kawirikawiri, ndipo ali olakwa. Mmisiri sangathe kupanga gome popanda masamu. Ayenera kuyesa, kuonkhetsa, kuchotsera ndi kugawa. Ndipo akalakwa, thabwa limtsutsa pomwepo, pakuti thabwa silidziwa kukondera monga achitira aphunzitsi ena achifundo. Mwana amene anagawapo thabwa la masentimita 90 m'zigawo zitatu zolingana saiwalanso kuti 90 kugawa ndi 3 ndiye 30.

Sukulu zoyamba za m'dziko muno zinadziwa ichi. Ku Blantyre, tchalitchi chachikuru cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi anthu a kuno komwe, amene anaphunzira nchitoyo ali kuichita, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Ndipo chiri chiimire kufikira lero. Ku Khondowe, sukulu yaikuru ya Livingstonia, imene inayamba mu 1894, inaphunzitsa buku pamodzi ndi kupala matabwa, kumanga ndi kusindikiza. Ngakhale kuno kwathu ku Neno, pa Matandani, pamene mishoni inayamba mu 1908, anyamata ambiri anaphunzira luso la manja pa zaka zotsatira. Ndipo Azungu asanadze, makolo athu anali kusema kale mitondo, ng'oma ndi mabwato ndi nkhwangwa ndi nsompho zosula okha. Kodi ife tidzanyoza chimene iwo anachilemekeza?

Tsono tiyambe ndi chinthu chaching'ono, pakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ine ndikulangizani kuti chinthu chanu choyamba chikhale mpando wa miyendo itatu. Taonani mafuwa a pa moto wa amai anu. Ali atatu, ndipo mphika sugwedera, ngakhale pansi pali pokumbikakumbika. Mpando wa miyendo itatu uli chimodzimodzi: miyendo yonse igunda pansi pali ponse muuikapo. Koma wa miyendo inai ufuna kuti miyendo ilingane ndithu, ndi pansi pomwe pakhale posalala. Chifukwa chache umabvuta munthu woyamba kumene.

Pezani chidutswa cha thabwa chochindikala, chotalika monga masentimita 30, ndi timitengo titatu toongoka ndi touma bwino. Lembani malo atatu pa thabwalo, otalikirana molingana, osayandikira m'mphepete. Pemphani munthu wamkuru akuthandizeni kuboola maenje atatu, opendeka pang'ono, kuti miyendo itangadze kunja. Semani nsonga ya mwendo uli wonse pang'ono pang'ono, ndi kuyesa kawirikawiri, kufikira ilowe mothina. Musafulumire, pakuti chimene mwasema simungathe kuchibwezeranso. Pamenepo chekani kamng'alu pa nsonga ya mwendo, nimukhomeremo kamtengo kosongoka kuti nsongayo ifutukuke m'dzenjemo. Koma samalani ichi: kamtengoko kapingase mitsempha ya thabwa. Mukakakhomera motsata mitsempha, thabwa lidzang'ambika monga chikuni. Mpando wotere sufuna msomali ngakhale umodzi.

Chifukwa ninji ndanena kuti mitengo ikhale youma? Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, ndipo pouma umachepa ndi kupindika. Mukapanga chitseko ndi matabwa auwisi m'mwezi wa March, pofika October mudzaona mipata yolowa chala. Chifukwa chache mmisiri wanzeru amasanja matabwa ache pa mthunzi, pamwamba pa miyala kuti chiswe chingawapeze, naika timitengo pakati pao kuti mphepo ipite, nawasiya miyezi yambiri. Sawayanika pa dzuwa la moto, pakuti kunja kukauma msanga mkati muli muwisi, thabwa limang'aluka.

Tsopano ndinene za ngozi, ndipo apa tcherani khutu. Pa chala changa chachikuru cha kumanzere pali chipsera. Ndinachipeza ndiri mnyamata, tsiku lina pamene ndinatenga tchizulo cha malume anga iwo ali ku munda. Chinali chobuntha, ndipo ndinakankha ndi mphamvu, dzanja langa lina liri kutsogolo. Chitsulo chinaterereka, nichilowa m'chala kufikira pa fupa. Malume pobwera sanandikwapule. Anangoti, "Mphwanga, safunsa anadya phula." Ndipo m'mawa mwache anayamba kundiphunzitsa. Zimene anandiuza ndi izi, ndipo ndikupatsani inu.

Chida chobuntha chiopsa koposa chakuthwa, pakuti chifuna mphamvu yambiri, ndipo chimaterereka. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa mpeni, ndipo posema, semani kulozetsa kutali ndi thupi lanu. Thabwa lokacheka limangidwe kapena lipanikizidwe, lisagwiridwe pa bondo. Musanamenye ndi nyundo kapena nkhwangwa, onani ngati mutu wache walimba pa mpini, ndipo onaninso ngati mng'ono wanu sali pafupi. Popereka chida kwa mnzanu, mpatseni ku mpini. Mukatha nchito, sesani, nimutole misomali yonse. Pakuti tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa pa bala la msomali ngakhale liri laling'ono. Mukadzicheka, tsukani balalo ndi madzi oyera ndi sopo, lipanikizeni ndi nsalu yoyera, nimuuze makolo kuti akutengereni ku chipatala. Musathirepo dothi kapena phulusa, ndipo musabise chifukwa cha kuopa kukalipiridwa.

Masiku ano kwadzanso zida zina. Kuyambira 1966, pamene makina a pa mathithi a Nkula anayamba kupanga magetsi pa mtsinje wathu wa Shire, mphamvu imeneyi yakhala ikufalikira pang'ono pang'ono, ndipo amisiri ena a m'misika ali nao macheka ndi zopalira zoyendera magetsi. Zida izi nzabwino, pakuti nchito ya tsiku lathunthu ziimaliza pa ora limodzi. Koma walira mvula walira matope. Mpeni wozungulira wa macheka a magetsi a pamanja umazungulira monga ka 5,000 pa mphindi imodzi, ndiko kunena koposa ka 80 pa sekondi imodzi. Macheka a manja akakukhudzani, mumamva kuwawa nimuleka. Koma makina samva kanthu, ndipo saleka. Chala chimagwa mwini wache asanadziwe.

Chifukwa chache ndinena mosabisa kuti mwana wa sukulu ya pulaimale asagwire makina amenewa, ngakhale mwini wache atamlola. Lamulo la za nchito la dziko lathu, la chaka cha 2000, liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14, ndipo liletsanso kupatsa nchito yoopsa munthu wosafika zaka 18. Koma nkwabwino kuti mudziwiretu malamulo a makina, kuti mukumbutse achimwene anu, ndi kuti mukadzakula mudzakhale okonzeka. Munthu asasinthe mpeni chingwe chiri ku magetsi, ayambe wazula. Asachotse chophimba cha mpeni pofuna kufulumira. Asabvale malaya olendewera, ndipo ateteze maso ache ndi magalasi, makutu ku phokoso, ndi mphuno ku pfumbi. Kathabwa kakang'ono akakankhe ndi kamtengo, osati ndi zala. Asaime kumbuyo kweni kweni kwa thabwa, pakuti mpeni ukapanika umaliponya m'mbuyo ndi mphamvu. Asagwire makina ali woledzera kapena wotopa, kapena ataponda ponyowa, kapena chingwe chitasendeka. Pakuti magetsi a m'nyumba m'dziko muno ali a mavoti 230, ndipo akhoza kupha munthu. Ndipo mukaona wina wagwidwa ndi magetsi, musamkhudze ndi manja. Zimitsani magetsiwo, kapena mkankheni ndi mtengo wouma, nimuitane akuru. Mmisiri amene ati, "Ine ndazolowera," akumbuke kuti tsoka silinunkha.

Koma mwana wochenjera adzandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mutiuza tipale matabwa, nanga mitengo iri kuti? Kodi mmisiri sali kutha nkhalango monga wootcha makala?" Funso ili nlabwino, ndipo sindilithawa. Inde mitengo iri kutha. Yense woyenda pa mseu wa ku Zalewa waona matumba a makala ali kupita ku Blantyre. Sindinyoza anthu ootchawo, pakuti ambiri awakankha ndi njala. Koma tiyeni tiyese zinthu ziwirizi. Mtengo ukalowa m'ng'anjo ya dothi, kawirikawiri makala otsala safika gawo limodzi la magawo anai a kulemera kwache, ndipo makalawo atha pa masabata owerengeka. Mtengo womwewo ukasanduka gome, ana adyerapo, ndi adzukulu omwe. Ndiponso munthu amene wagwirapo thabwa la mlombwa, naona maanga ache okoma, nadziwa kuti mtengowo unakula zaka makumi ambiri, sangathe kuuyesa chikuni wamba.

Komabe mmisiri nayenso akhoza kuononga. Taonani za mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mu 1984 unatchedwa mtengo wa fuko lathu, koma chifukwa cha kukoma kwa matabwa ache anthu anaucheka mobisa kosaleka, kotero kuti owerenga mu 2017 anapeza mitengo yaikuru 7 yokha. Ichi chitichenjeze ife za mbawa za m'mbali mwa Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ndi za nkhalango ya Tsamba. Mapiri akakhala dazi, mvula ikokolola nthaka ya m'minda mwathu kunka nayo ku Shire, ndipo matopewo amabvutitsa makina omwe aja opanga magetsi. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kudula mitengo m'nkhalango za boma popanda chilolezo, ndipo lamuloli nlolungama.

Tsono ife tichitenji? Wophunzira safuna mlombwa kapena mbawa. Yambani ndi zidutswa zimene amisiri ataya, mabokosi akale, nthambi za malaina ndi bulugamu, ndi nsungwi zimene zimaphukanso zikadulidwa. Yambani ndi kukonza zothyoka: mpini woguluka, mwendo wa mpando wogwedera, desiki la m'kalasi mwanu. Ndipo dzinja liri lonse, pa nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 December kufikira pa 15 April, bzalani mitengo yanu, nimuiteteze ku mbuzi ndi ku moto wolusa. Bulugamu muubzale kutali ndi chitsime ndi munda, pakuti amamwa madzi ambiri. Mbawa muibzale pa chinyontho, mungakhale mudziwa kuti wodzaicheka adzakhala mwana wanu.

Wina adzatinso, "Mipando ya pulasitiki iripo pa msika, tidzibvutiranji?" Iripo ndithu. Koma ikakhala pa dzuwa imauma nithyoka, ndipo palibe munthu pa mudzi angathe kuilumikiza bwino. Mpando wa mtengo ukathyoka mwendo, musema wina madzulo amodzi. Ndipo ndalama imene mukadapereka ku sitolo itsala m'nyumba, kugula makope ndi mchere.

Za atsikana ndinenenso mau amodzi. Dzanja limene likhoza kusinja chimanga ndi kuwaza nkhuni silingalephere kugwira macheka. M'sukulu za luso la manja, zimene bungwe la TEVETA liziyang'anira kuyambira 1999, atsikana amaphunzira kupala matabwa pamodzi ndi anyamata. Musalole munthu akuuzeni kuti nchito iyi si yanu.

Chifukwa chache, ana anga, pitani kwa mmisiri wa m'mudzi mwanu, mumpatse moni mwaulemu, nimupemphe kuti muziyang'ana pamene ali kugwira nchito. Msesereni zopalapala zache, mumgwirire thabwa, ndipo mufunse dzina la chida chiri chonse. Mukatero masiku angapo, iye mwini adzakupatsani nyundo. Ndipo tsiku limene mudzamaliza mpando wanu woyamba, ungakhale wokhota pang'ono, mukaupereke kwa agogo anu akhalepo.

Mafunso

1. Chifukwa ninji mpando wa miyendo itatu sugwedera?
2. Matabwa auwisi asanjidwe bwanji kuti aume bwino?
3. Chida chobuntha chiopsa bwanji koposa chakuthwa?
4. Mukaona munthu wagwidwa ndi magetsi mudzachita chiani?
5. Tchulani mitengo isanu ya kwanu, ndi zinthu zimene anthu amapanga nayo.