Kudula foni si mwano

Kwathu ku Mlangeni, monga m'midzi yambiri ya Angoni a ku Ntcheu, mwana amaphunzira ulemu asanaphunzire kuwerenga. Wamkulu akamayankhula sumudula mawu. Munthu wa ku ofesi akakuitana umayankha kuti "wawa" n'kumvetsera mpaka amalize. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikufuna kuti lithe. Koma alipo anthu amene analiphunzira bwino khalidweli n'kulisandutsa munda wawo: akathyali oimba foni ponamizira kuti akufuna kutikonzera vuto la pa foni, pa akaunti kapena pa kompyuta. Ine ndikuti pa anthu amenewa tiyenera kuphunzitsana kudula foni, ndipo tizidula osamva chisoni.

Kumaiko monga America ndi Britain chinyengochi chinatchuka ndi dzina la Microsoft. Munthu amaimba n'kunena kuti kompyuta yanu yagwidwa ndi vayirasi. Amakuuzani kuti mutsegule Event Viewer, malo amene Windows imalembamo timavuto ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, ndipo mukaona zizindikiro zofiira ndi zachikasu mtima umagunda, chonsecho zimapezeka pa kompyuta iliyonse yabwinobwino. Kenako amati muike pulogalamu monga AnyDesk kapena TeamViewer, yomwe imamulola kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali. Zikafika apo amatha kuona mapasiwedi, kulowa ku banki, kapena kukulipiritsani pokonza chinthu chimene sichinawonongeke. A Microsoft eni ake amanena poyera kuti saimbira munthu amene sanawapemphe thandizo. Mu Okutobala 2023 apolisi ofufuza a ku India, a CBI, anachita chipikisheni m'maofesi oimbira mafoni otere atalandira madandaulo ochokera ku Microsoft ndi Amazon.

Wina anganene kuti zimenezo n'za azungu, poti ku Mlangeni nyumba zokhala ndi kompyuta n'zowerengeka. Koma wakuba safuna kompyuta, amafuna pamene pali ndalama, ndipo kwathu kuno ndalama zili mu foni. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, mlimi wogulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano amalandira malipiro pa foni. Ndalama ya fetereza imasungidwa momwemo, ya fizi imadutsa momwemo, ya achimwene a ku Joni imafikira momwemo. Choncho woimba wa kuno amadzitcha wa "kasitomala keya". Amati simu khadi yanu itsekedwa lero, kapena akaunti yanu ili ndi vuto, kapena akukonza netiweki ya dera lanu. Amakuwerengerani manambala oti mudine mmodzimmodzi, inu n'kumaganiza kuti mukukonza, pomwe mukutumiza ndalama kapena kupereka nambala yanu yachinsinsi. Chinyengo cha ku London ndi cha ku Ntcheu mafupa ake ndi amodzi: vuto limene simunalione, mthandizi amene simunamuitane, ndi changu chimene sichikulolani kufunsa mnzanu.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu 2023 bungwe la MACRA linanena kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pa foni, ndipo akuluakulu akhala akunena kuti mafoni ambiri otere amachokera m'ndende ya Zomba. Mu 2018 tonse tinaima pamizere kulembetsa masimu khadi ndi chiphaso cha unzika, tikuyembekezera kuti akuba azidziwika mayina. Kuberako sikunathe, chifukwa simu khadi itha kulembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina amene sakudziwa n'komwe.

Pasukulu pano tili ndi njira yathu yothanirana nawo, ndipo ndiyo ndikufuna kuitsutsa. Wakuba akaimba, mnyamata amaika foni pa sipika, anzake n'kuzungulira, n'kuyamba kumuseweretsa. Amajambula mawuwo n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp, tonse n'kufa nacho chikhakhali. Zimakoma, koma phunziro limene timafalitsa ndi lakuti wochenjera amacheza ndi wakuba n'kumugonjetsa. Phunziro limeneli ndi loopsa. Munthu uja amaimbira anthu ambirimbiri pa tsiku, ndiyo ntchito yake, ndipo yankho lililonse limene mungamupatse analimvapo kale. Tsiku limene adzakupezeni mutatopa ndi mayeso, mukudikira ndalama ya ngongole ya sukulu, n'kutchula dzina lanu lonse molondola, nzeru zanu za pa sipika sizidzakhalapo. Dzinalo musadabwe nalo: aliyense amene wayamba kukutumizirani ndalama pa foni amaliona lisanamalizike kutumizako.

Choipa china cha kusekaku n'chakuti chimatseka pakamwa anthu oberedwa. Azakhali anga anaberedwa ndalama ya mbatatesi imene anasungira fetereza, ataimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku kampani ya foni. Anakhala masabata awiri osauza munthu. Mayi ameneyu amawerengera mtengo wa matumba makumi awiri pamtima wogula asanatulutse kakyuleta, ndiye nkhani ya kupusa palibepo. Atafunsidwa chifukwa chimene sanadulire foni, anati munthuyo ankayankhula mwaulemu ngati wa ku ofesi, ndipo kumudula kukanakhala mwano. Atafunsidwa chifukwa chimene anabisira, anati ankaopa kusekedwa ndi ana omwe. Ulemu unatsegula chitseko, manyazi n'kupatsa wakuba masabata awiri oti athawe bwinobwino.

N'chifukwa chake ndikuti chitetezo chenicheni ndi lamulo losafuna nzeru zapadera, loti agogo angalisunge ngati mmene angalisungire wophunzira zamakompyuta. Amene wakuimbirani kuti akuthandizeni pa vuto limene simunadandaule, mudulireni foni. Ngati mtima ukukayika kuti mwina vutolo lilipodi, imbani nokha pa nambala ya kampani imene mukuidziwa kale, kapena pitani ku shopu yawo kapena ku banki. Nambala imene wakupatsani woimbayo musaiimbe. Nambala yachinsinsi, ndi manambala obwera pa uthenga otsimikizira kuti ndinu, sizipatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wa ku kampani weniweni, poti iye sazifuna pogwira ntchito yake. Pa laputopu kapena pa foni yamakono musaike pulogalamu iliyonse chifukwa choti wina pa foni watero.

Zikachitika kuti mwapereka kale, liwiro ndilo mankhwala. Sinthani nambala yachinsinsi nthawi yomweyo, dziwitsani kampani kapena banki kuti atseke akaunti ndi kulondola kumene ndalama zapita, ndipo kaneneni ku polisi mutasunga nambala imene inaimba ndi mauthenga onse. Ngati ndi laputopu, ichotseni pa intaneti, fufutani pulogalamu munaika ija, ndipo mapasiwedi a imelo ndi a ku banki muwasinthire pa chipangizo china. Ndalama zikangotapidwa kwa ejenti, kuzibweza kumavuta kwambiri, ndiye ola lililonse lobisa nkhani ndi mphatso kwa wakuba.

Ndikudziwa mafunso awiri amene anzanga amafunsa. Loyamba: bwanji ngati woimbayo ndi wa ku kampani weniweni? Palibe chotayika. Kampani yeniyeni sikulangani chifukwa chodula foni n'kuimbanso nokha, ndipo vuto lenileni silithawa m'mphindi zisanu. Wokwiya mukanena kuti muimbanso ndi amene akudziwa kuti simudzamupeza. Lachiwiri: kodi si udindo wa makampani, MACRA, apolisi ndi oyang'anira ndende? Ndi udindo wawodi. Tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kuti mafoni amalowa bwanji m'ndende, komanso kuti nambala imene anthu ainenera kuti ndi ya wakuba imatsekedwa patapita nthawi yaitali bwanji. Tifunse mokweza. Koma mayankho akuchedwa kubwera, foni ya amayi anu ilira mawa lomwe.

Pali mbali ina imene ife achinyamata sitikonda kuimva. Mu Epulo 2024 akuluakulu a boma la Zambia anathyola kampani ina ku Lusaka, Golden Top Support Services, n'kugwira anthu 77 ndi masimu khadi oposa 13,000. Mu Juni chaka chomwecho nzika 22 za ku China zinalamulidwa kukakhala kundende. Amene ankagwira ntchito yocheza ndi anthu oti aberedwe anali achinyamata a ku Zambia a zaka za m'ma 20, olembedwa ngati ogwira ntchito wamba a pa foni. Ndi anthu a msinkhu wathu, odziwa Chingerezi ndi kompyuta, osowa ntchito monga mmene ambirife tidzasowere tikalandira digiri. Tsiku lina malonda a ntchito yotere adzafika pa gulu lanu la WhatsApp. Mukadzapatsidwa pepala la mawu oti muziwerengera anthu osawadziwa pansi pa dzina limene si lanu, mudzadziwe kuti mawu aulemu amene anabera azakhali a munthu wina tsopano ndi anu.

Kumudzi amatitenga ngati akatswiri a mafoni chifukwa choti tili ku yunivesite, ngakhale ife ophunzira mbiri ndi zilankhulo. Tigwiritse ntchito ulemu umenewo. Tikapita ku holide tisangowaikira makolo WhatsApp. Tikhale nawo pansi, tiwalembere nambala yeniyeni ya kampani ndi ya banki papepala loti aziika m'chikwama, ndipo tiyeserere nawo mawu oti azinena, chifukwa munthu woleredwa bwino amavutika kudula foni chamumtima: "Zikomo bambo, ndipita ndekha ku ofesi." Akatero adule, ngakhale winayo akadayankhula. Tiwauzenso kuti zikadzawachitikira atiimbire ife poyamba, usiku kapena usana, ndipo sitidzaseka.