Mwana wa ku Lupembe asamasankhe tsogolo ali m'chimbulimbuli

Mukafunsa ana a Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya m'dera la Lupembe kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji, mayankho ake mutha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi: unamwino, uphunzitsi, upolisi, usilikali, ndiye wina wolimba mtima adzati udokotala. Ntchito zonsezi n'zabwino ndipo dziko likuzifuna. Koma taonani komwe mayankhowa akuchokera. Namwino amamuona kuchipatala, mphunzitsi ali naye m'kalasi tsiku lililonse, wapolisi amamupeza pamsewu wa M1. Mwana amatchula ntchito yomwe anaionapo ndi maso ake.

Ganizo langa ndi ili: uphungu wa ntchito m'masekondale athu umabwera mochedwa, komanso timakausaka kutali pomwe uli pakhomo. Ukuyenera kuyamba mu Fomu 2, uzichitikira m'malo antchito a m'boma la Karonga lomweli, ndipo njira yotchipa yoyendetsera zimenezi ndi makalabu omwe ambirife tinakula tikuuzidwa kuti ndi otayitsa nthawi.

Khomo limatsekeka mu Fomu 3

Anzanga amene muli ku yunivesite mukudziwa mmene zimakhalira. Nkhani ya ntchito imayamba kumveka Fomu 4 ikupita kumapeto, pena mpaka zotsatira za MSCE zitatuluka, munthu ali ndi fomu ya NCHE m'manja. Pamenepo amapeza kuti mapointsi okha si nkhani. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imafuna. Zauinjiniya zimafuna kirediti ya masamu ndi maphunziro a sayansi monga fizikisi ndi kemisitili. Zachipatala zimafuna bayoloje pamodzi ndi masayansi anzake. Popanda kirediti ya Chingerezi, zitseko za mayunivesite a boma sizitseguka n'komwe.

Tsono chisankho cha maphunziro amenewa chinachitika kale, polowa Fomu 3, mwana ali ndi zaka 15 kapena 16. Ndipo chimachitika motani? Wina amasiya fizikisi chifukwa anzake ati n'chilombo. Wina amathawa kemisitili chifukwa pasukulupo palibe labotale ndipo sanaonepo mankhwala akusakanizidwa. Mtsikana wina amangouzidwa kuti masamu ndi a anyamata. Palibe amene amamukhazika pansi n'kumuuza kuti akusiya phunziro limodzi lero koma akutseka makosi khumi a mawa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kuitana mlendo wovala tayi kudzalankhula kwa ana a Fomu 4 mwezi umodzi mayeso asanayambe kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitamasula kale.

Zotsatira zake timaziona m'mahositelo mwathu. Alipo anzathu amene analemba kosi chifukwa dzina lake linkamveka bwino, osadziwa kuti omaliza kosiyo amagwira chiyani Lolemba m'mawa. Alipo amene anakhoza bwino ndithu koma anapezeka kuti alibe phunziro limodzi lomwe kosi ya kumtima kwawo inkafuna. Enanso anakhala pakhomo zaka ziwiri akubwereza MSCE, osadziwa kuti ndi zomwe anali nazo kale akanatha kuyamba maphunziro a luso la manja.

Karonga ndi kalasi yokwanira

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mwana wa ku Lupembe amakhala pakati pa ntchito zambirimbiri zomwe mnzake wa ku Area 25 angangozimva pa wailesi. Tiyeni tiyende pang'ono pamsewu wa M1.

Kumwera, ku Ngara, kuli koleji yophunzitsa ntchito za manja komwe boma linakhazikitsira ndondomeko ya makoleji a m'madera mu 2015. Patsogolo pake kuli sikimu ya mpunga ya Wovwe, komwe madzi amagawidwa ndi ngalande zomwe wina anachita kuziyeza ndi kuzijambula, komanso siteshoni yaing'ono yopanga magetsi ndi mphamvu ya madzi yomwe ili m'manja mwa EGENCO. Ku Chilumba kuli doko, komanso likulu la kafukufuku wa zaumoyo yemwe anayamba mu 1979 polimbana ndi khate. Ambiri amamudziwa ndi dzina la KPS, ndipo lero ali pansi pa bungwe la MEIRU. Pamalo amenewa pamagwira ntchito anthu a mu labotale, osunga ziwerengero pa kompyuta, ofunsa mafunso m'midzi, madalaivala ndi owerengera ndalama. Ndi ana angati a Fomu 2 amene akudziwa kuti munthu angadye moyo wake wonse chifukwa chodziwa kusanthula ziwerengero za matenda?

Kumpoto, pa boma, kuli nyumba yosungira mbiri ndi chikhalidwe ya Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004. Mmenemo muli chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chakalekale chomwe mafupa ake anakumbidwa m'boma lomweli. Mmodzi mwa akatswiri omwe anafufuza mafupa amenewa ndi mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu, yemwenso mu 2005 anapereka dzina la Karongasaurus kwa chinyama china cha mtundu wotere. Ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale ya zaka zoposa 2 miliyoni mu 1991. Akatswiri amachoka ku Germany ndi ku America kudzaona nthaka yomwe ife timadyetsapo ng'ombe.

Ndiye pali mgodi wa Kayelekera, pamsewu wa ku Chitipa. Kampani ya Paladin inayamba kukumba miyala ya yureniyamu kumeneko mu 2009, n'kuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itagwa. Kampani ya Lotus Resources inagula mgodiwu mu 2020 ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Anthu a ku Karonga akhala akudandaula, ndipo ndi zomveka, kuti ntchito zapamwamba za m'migodi zimapita kwa obwera pomwe eni nthaka amatsala ndi ulonda ndi maganyu. Koma tidzifunsenso: mwana amene anali mu Sitandade 1 pamene mgodi unkatsegulidwa mu 2009, lero ndi wamkulu wa msinkhu womaliza digiri. MUBAS imaphunzitsa uinjiniya wa migodi, MUST imaphunzitsa sayansi ya nthaka ndi miyala. Kodi pa zaka zonsezi ndani anapita ku masekondale oyendera a m'mphepete mwa nyanja kukauza ana kuti makosi amenewa alipo, ndi kuti njira yake imadutsa pa fizikisi ndi kemisitili wa Fomu 3?

Ngakhale zomwe makolo athu amachita tsiku ndi tsiku zili ndi sukulu yake. Nsomba zimaphunziridwa ku Mzuni, ku LUANAR komanso ku koleji ya zausodzi ya Mpwepwe ku Mangochi. Oyendetsa sitima za panyanja amaphunzira ku Monkey Bay. Ulimi wothirira ndi kosi yoima payokha ku LUANAR. Mwana wa msodzi amene amadziwa kale nyengo ya usipa ndi mphepo ya mwera ali ndi poyambira pomwe mnzake wa m'tauni alibe, koma sukulu imamuphunzitsa kuti zonse zomwe akudziwa kunyumba n'zoyenera kuzithawa.

Kalabu si masewera

Apa ndi pomwe makalabu akubwera. Pa pepala, pafupifupi sekondale iliyonse ili ndi tsiku la makalabu. Pa zoona zake, nthawiyo imalandidwa ndi makalasi owonjezera kapena ana amangobalalika. Omwe amapirira ndi magulu a mapemphero monga SCOM ndi YCS, ndi mpira. Awanso ali ndi phindu lawo: ambiri mwa ife tinaphunzira kuima pagulu ndi kusunga kaundula wa ndalama kumeneko. Koma kalabu itha kuchita zoposa apa. Ndi malo okhawo pasukulu pomwe mwana angayesere ntchito popanda kuopa kulephera mayeso.

Tiyerekeze kalabu ya zachilengedwe, ngati zomwe bungwe la WESM lakhala likulimbikitsa m'masukulu. Dera la Lupembe limadziwika ndi ng'amba. Ana atapanga choyezera mvula ndi botolo ndi lula, n'kumalemba m'kope tsiku lililonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomaliza adzakhala ndi ziwerengero zawozawo zojambulira girafu. Amene angasangalale nazo wazindikira kuti zanyengo ndi ntchito, ndipo MUST imaziphunzitsa. Kalabu ya zamalonda itha kumalemba mtengo wa ndowa ya usipa padoko sabata iliyonse n'kufufuza chifukwa chake umakwera ndi kutsika, kapena kuwerengera mlimi wa thonje ndalama zomwe walowetsa ndi zomwe wapeza. Kalabu ya zolemba itha kukonza nkhani ya mphindi zisanu n'kukapempha mpata ku wailesi za m'boma lino monga Tuntufye FM kapena Radio Dinosaur. Palibe chimodzi mwa izi chofuna labotale kapena intaneti. Chikufunika ndi kope, mphunzitsi mmodzi wachidwi, ndi ola limodzi lomwe silingalandidwe.

Ubwino wina wa kuyesera n'ngwakuti mwana amadziwanso zomwe sakuzifuna. Amene ankalota unamwino atakhala tsiku limodzi akuonerera ntchito ya pachipatala, mwina adzalimbikira kuposa kale, mwinanso adzazindikira kuti fungo la mankhwala ndi magazi si zake. Kuli bwino adziwe zimenezi ali Fomu 2 kusiyana ndi kudzazidziwa makolo atagulitsa kale ng'ombe ziwiri za fizi.

Zomwe otsutsa anganene

Mphunzitsi wamkulu anganene kuti sukulu yake amaiweruza ndi zotsatira za MANEB, osati ndi makalabu. Akunena zoona, ndipo sindikupempha kuti silabasi ichepe. Koma mwana amene akudziwa chifukwa chomwe akuphunzirira masamu amawerenga mosiyana ndi amene akungowapirira. Ola limodzi pa sabata silingagwetse sukulu. Chimagwetsa sukulu ndi ana omwe amafika Fomu 3 osaona kusiyana pakati pa kukhala m'kalasi ndi kupita kunyanja kukakoka chilimira, komwe ndalama imaoneka tsiku lomwelo.

Wina anganene za ndalama. Inde, kukwera minibasi ndi ana 60 kupita ku Chilumba si zapafupi masiku ano. Koma ngati kalasi yonse singapite, wantchito mmodzi atha kubwera. Mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi, makaniko wa mainjini a maboti, mmisiri woika magetsi a dzuwa, onsewa ali m'dera momwemo. Afunsidwe mafunso enieni: munaphunzira kuti, zaka zingati, anafuna maphunziro ati, chovuta pa ntchito yanu n'chiyani. Makampani akuluakulu omwe akupindula ndi chuma cha bomali ali ndi mabasi. Kunyamula ana a sekondale kamodzi pa chaka ndi pempho laling'ono lomwe makomiti a sukulu ndi mafumu angathe kulipereka polemba kalata.

Pali nkhawa ina yomwe sitiyenera kuipeputsa: atsikana. Kalabu ikamachitika madzulo, mtsikana woyenda mtunda wautali, yemwenso akudikiridwa kukatunga madzi ndi kuphika, ndiye amayamba kusiya. Kholo lomwe likukana kuti mwana wake azifika kunyumba kutada silikulakwa. Choncho makalabu aikidwe mkati mwa nthawi ya sukulu, ndipo paulendo uliwonse pazikhala mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi ichi: bwanji kukweza maloto a ana pomwe ife amene tili ndi madigiri tikuyenda ndi maenivelopu m'tauni? Funsoli limaluma chifukwa ndi loona. Koma kusowa kwa ntchito ndi chifukwa chachikulu choti mwana asankhe akudziwa. Uphungu woona suuza aliyense kuti adzakhala injiniya. Umamuuza kuti malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, kuti ngongole ya HESLGB siifikira aliyense, kuti maphunziro a TEVETA ku Ngara kapena ku Miracle pa boma si chilango cha olephera, ndiponso kuti wowotcherera zitsulo waluso amatha kudzilemba yekha ntchito pomwe wa digiri akudikira intavyu.

Mbali yathu

N'kosavuta kuloza chala unduna wa zamaphunziro, ndipo uli ndi mlandu wake: uphungu wa ntchito umasiyidwa kwa mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza. Koma ife ophunzira a m'makoleji tili ndi chinthu chomwe unduna ulibe. Tinadutsa njirayi posachedwa, timadziwa mmene fomu ya NCHE imalembedwera, ndipo mwana wa Fomu 2 atha kutifunsa m'Chitumbuka kapena m'Chinkhonde funso lomwe sangayerekeze kufunsa mlendo wa pa galimoto.

Holide ikubwerayi, pezani anzanu atatu a makosi osiyana, mmodzi akhale wa koleji ya luso la manja ndipo mmodzi akhale mtsikana. Lembani papepala limodzi makosi khumi ndi maphunziro a MSCE omwe iliyonse imafuna, mutatsimikiza kuchokera pa chikalata cha NCHE cha chaka chino. Kapempheni kwa aphunzitsi aakulu ola limodzi ndi ana a Fomu 2, osati a Fomu 4. Musakakambe za kukoma kwa moyo wa pa kampasi. Kakambeni za phunziro lomwe asalisiye ndi chifukwa chake, ndipo pepalalo mukalisiye litamatidwa pakhoma la kalasi. Safunsa anadya phula, koma mwana sangafunse ngati palibe womuyankha.