Luso lilipo ku Mitundu, koma oliyendetsa akusowa sukulu

Ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'boma la Lilongwe, luso silisowa. Kuli gule wamkulu, makwaya ndi magulu a zisudzo. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma ulemuwo sudafike m'matumba mwa ovina.

Vuto lagona pa kayendetsedwe. Kawirikawiri amene amathandiza maguluwa ndi aphunzitsi, alangizi ndi atsogoleri a mipingo, anthu amene ali kale pantchito. Amafunika kudziwa kulemba bajeti, kukambirana mgwirizano ndi okonza zochitika, komanso kutsata lamulo la umwini wa luso la 2016, lomwe bungwe la Cosoma limayendetsa.

Tsono sukulu zaukachenjede zophunzitsa zaluso ndi chikhalidwe zili kutali: Unima ku Zomba, Must ku Thyolo. Yapafupi, Luanar ku Bunda, maso ake ali pa ulimi. Mphunzitsi wa ku Nathenje sangasiye choko zaka ziwiri kukasaka digiri yachiwiri, ana kunyumba akudikira chakudya.

N'chifukwa chake pakufunika maphunziro a Loweruka mumzinda wa Lilongwe kapena a pa intaneti. Apo ayi, ng'oma zidzalirabe kumudzi, phindu n'kumagona m'tauni.