KALALIKI WA MAKINA AFUNA MWINI WODZIWA KUWERENGA

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Anyakwawa, ndi Ziwalo zonse za Bungwe lathu:

Pa msonkhano wapitawo anyamata ena anaimirira napempha kuti mabuku a Bungwe, ndiwo buku la zopereka ndi kaundula wa maina, asalembedwenso ndi dzanja, koma alowe m'kompyuta. Anati masiku ano kuli makina oyankha ngati munthu, dzina lace AI, amene angathe kutiwerengera zonse m'kamphindi. Akulu ena anapukusa mitu. Wapampando anatilamula kuti tiiyese nkhaniyi ndi kulembera Bungwe zimene tapeza. Taiyesa masabata angapo, ndipo mau athu ndi awa: tibvomere pempho la anyamata, koma tiyambe taphunzitsa anthu athu kusamala manambala, pakuti makina amenewa ndi kalaliki wacangu, koma afuna mwini wodziwa kuona ngati nchito yalongosoka.

Tiyambe talongosola cinthuco. M'kompyuta muli pepala la mizere yotsika ndi yopingasa, lofanana ndi buku la m'sitolo, dzina lace spreadsheet. Kusiyana kwace ndi kwakuti pepala ili lionkhetsa lokha manambala ukalilembera lamulo la samu, ndilo fomula. Loyamba kumveka linali VisiCalc, limene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anaturutsa ku America m'caka ca 1979. Excel inabwera m'caka ca 1985, ndi Google Sheets m'caka ca 2006. Zaka zonsezo munthu anayenera kuphunzira yekha kulemba fomula. Koma kuyambira caka ca 2023 eni ace a mapepalawa anayamba kuikamo wothandiza wa AI. Wa m'Excel dzina lace Copilot, wa m'Google Sheets dzina lace Gemini. Tsopano munthu angolemba mau wamba, monga akuti, "Onkhetsa zopereka za mudzi uli wonse," ndipo makina alemba okha fomula. Cimeneci ndi cinthu cabwino, sitikana ai.

Komatu tidziwe mkhalidwe wa kalaliki ameneyu. Iye anaphunzira pa zolemba zosawerengeka za anthu, nazolowera umo mau atsatanira. Cotero ayankha cimene cioneka coyenera. Sadziwa mudzi wathu, sadziwa yemwe anamwalira kapena yemwe anasamuka. Ndiponso akalakwa sacita cibwibwi, sayang'ana pansi monga acitira mwana wa sukulu. Liu lace ndi limodzimodzi, ponena zoona ndi ponena zolakwa pomwe. Ngakhale eni ace alemba poyera kuti makinawa akhoza kulakwa. Makolo anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Taonani cimene cinaticitikira poyesa. Tinalowetsa maina a ziwalo 40, ali yense atapereka K5,000. Tinapempha makina kuonkhetsa, ndipo anatiuza K170,000. Pepala linali laudongo ndithu, losafufutafufuta. Koma samu ya pamtima inatikaniza, pakuti 40 kucurukitsa ndi 5,000 ndi 200,000. Pofufuza tinapeza kuti colakwa cinayamba ndi ife tomwe: m'timabokosi 6 tinalemba cilembo ca K pamodzi ndi nambala, ndipo pepala linayesa kuti amenewo ndi mau cabe, niliwalumpha poonkhetsa, osatiuza kanthu. Tikadawerenga cimeneco pamaso pa msonkhano, Msungicuma wathu akadaturuka ndi mbiri yakuti wadya K30,000, pamene sanakhudze ndi tambala yomwe.

Musayese kuti izi zigwera ife osaphunzira kwambiri tokha. M'caka ca 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, bungwe la Boma la ku England loyang'anira umoyo wa anthu linataya m'ciwerengero cace anthu 15,841 opezeka ndi nthendayo pakati pa 25 September ndi 2 October. Cifukwa cace cinali cakuti anagwiritsa nchito mtundu wakale wa pepala la Excel, umene ulekeza pa mizere 65,536. Zopitirira pamenepo zinangotayika mwakacetecete, ndipo anthu amene anakhala pamodzi ndi odwalawo sanacenjezedwe pa nthawi yace. Ndiponso m'caka ca 2010 akatswiri awiri a zacuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, analemba za ngongole za maiko, ndipo akulu a maboma anachula zolemba zao kwambiri. M'caka ca 2013 wophunzira wina, Thomas Herndon, anapempha pepala lao la manambala naliyang'ana bwino, napeza kuti, pamodzi ndi zolakwa zina, fomula yao inasiya maiko 5 mwa maiko 20. Pa nkhani ziwirizi panalibe AI. Nanga ngati anthu omveka angalakwe cotero polemba okha, kuli bwanji ife tikamangolandira fomula imene sitinailemba, ndipo sitidziwa kuiwerenga?

Cifukwa cace tinena kuti pali nzeru zinai zimene munthu ayenera kukhala nazo asanapatsidwe mabuku athu.

Yoyamba ndiyo kulemba kaundula molongosoka. Mzere wopingasa umodzi ukhale wa munthu mmodzi. Mzere wotsika umodzi ukhale wa cinthu cimodzi, dzina pa lokha, mudzi pa wokha, ndarama pa zokha. Dzina lilembedwe mofanana masiku onse; pakuti mukalemba Nabanda lero, mawa Na Banda, mkuca Mai Banda, pepala liwerenga anthu atatu pamene ali mmodzi. Nambala ya lamya isungidwe monga mau, cifukwa ikalowa monga nambala wamba, 0 wa kumayambiriro agwa. Masiku naonso asamalidwe: ife tikalemba 3/4 tinena 3 April, koma kompyuta yocheredwa mwa ciAmerica iwerenga 4 March.

Yaciwiri ndiyo kudziwa tanthauzo la ciwerengero cimene wapempha. Tiyerekeze mudzi wa mabanja 10. Mabanja 9 akolola matumba 5 a cimanga liri lonse, ndipo banja limodzi la mwini cuma lakolola matumba 105. Onse pamodzi ndi matumba 150. Mukafunsa makina avereji, adzati matumba 15 pa banja, ndipo samuyo ndi yoona. Koma Mfumu ikatumiza nambala imeneyo ku Boma, adzati mudziwo ulibe njala, pamene mabanja 9 adzakhala atapsereza nkhokwe mvula isanagwe. Wodziwa akadandanda mabanjawo kuyambira wocepa kufikira wocuruka, natenga nambala ya pakati, ndiyo 5. Makina ayankha cimene wafunsa; kusankha funso ndi nchito ya munthu.

Yacitatu ndiyo kuyesa yankho. Uyambe wayerekeza pamtima usanafunse. Ulamule makina akuonetse fomula ndi kukufotokozera m'mau apafupi cimene icita. Uone ngati yafika pa mzere wotsiriza. Pambuyo pace utenge mizere 10, uionkhetse ndi pensulo, nulinganize. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Yacinai ndiyo kusunga cinsinsi. Zimene ulembera wothandiza wa AI kawirikawiri zituruka m'kompyuta yako, nizipita pa intaneti ku makompyuta a kampani ali kutali. Maina a anthu, manambala a zitupa zao, nthenda zao ndi ngongole zao si zathu kuti tizimwaze. Ku Malawi kuno lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, linakhazikika m'caka ca 2024. Koma ngakhale kukadapanda lamulo, mwambo wathu womwe ukaniza kuulula za m'nyumba ya mwini. Pofunsa thandizo la fomula, maina enieni acotsedwe.

Tsopano tilankhule ndi inu, Mafumu athu. Kwa inu kubwera makaundula a fetereza wotsika mtengo, a cimanga ca cithandizo, a minda ndi a maliro. Pa pepala lotere dzina limodzi likagwa, ndiye kuti mai wamasiye wagona ndi njala. Ndipo iye sadzapita kukadandaula kwa kompyuta, adzabwera pa bwalo panu, pakuti cidindo ciri pamenepo ndi canu. Sitinena kuti Mfumu iphunzire kutaipa. Tinena kuti pepala likabwera, musacite nalo manyazi cifukwa laturuka m'makina. Funsani mlembi wanu mafunso atatu. Kodi manambala awa anacokera m'buku liti? Kodi maina ali pano ndi angati, ndipo m'buku lakale anali angati? Kodi waonkhetsako ndi dzanja? Akalephera kuyankha, cidindo cidikire. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene munapempha cinthuci, musatimve ngati tikukanizani. Nzeru zinai zija sizifuna sukulu yaikulu. Amene adziwa kuonkhetsa, kucotsera, kucurukitsa ndi kugawa akhoza kuziphunzira, ndipo wothandiza yemweyo angakuphunzitseni fomula mukamfunsa moleza mtima. Koma mukangokopa yankho osalimvetsa, mudzakhala amithenga a makina, osati eni nchito.

Cotero tiika mfundo izi pamaso pa msonkhano ukudzawu, kuti Bungwe likambirane:

1. Kuti Bungwe lisankhe anthu 4, amuna awiri ndi akazi awiri, aphunzire nchito ya spreadsheet kwa miyezi 3 asanakhudze mabuku athu.

2. Kuti buku lolemba ndi dzanja lisatayidwe, koma liyende pamodzi ndi la m'kompyuta kwa caka cathunthu, ndipo awiriwa alinganizidwe mwezi ndi mwezi.

3. Kuti ciwerengero ciri conse ca ndarama cionedwe ndi anthu awiri cisanawerengedwe pa msonkhano, ndipo onse awiri alembepo maina ao.

4. Kuti maina ndi zitupa za ziwalo zisaperekedwe kwa wothandiza wa AI popanda cilolezo ca Bungwe.

Tipempha Mafumu ndi ziwalo zonse kuti mufike ndi maganizo anu, otsutsa ndi obvomera omwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene ali ndi makaundula akale a m'midzi abwere nao, kuti ophunzira athu ayambire pomwepo.

Ife anu pa nchito,
Mlembi wa Bungwe.