MCERE SUNGAYERETSE UTSI WA PA DZALA

Tauni ya Kafue ili kukula, ndipo zinyalala zili kukula nayo pamodzi. M'misika ndi m'makomboni anthu ambiri akaona mulu wakula angoyatsa moto. Koma zinyalala za m'tauni n'zonyowa: masamba, makoko a nthoci, nsima yotsala. Cotero moto ungonyeka, ndipo ana ndi okalamba apuma utsi wake usana ndi usiku.

Akatswiri a sayansi apeza kuti mcere wa zitsulo zina, monga manganizi ndi potasiyamu, ucititsa zinyalala kugwira moto msanga ndi kupsa kotheratu. Mcerewu suli nkhuni ai. Nchito yake ndi kufulumizitsa moto. Nzeru imeneyi si yacilendo. Alimi a fodya a ku Chipata adziwa kuti tsamba lolandira potashi lipsa bwino. Ku Kafue komweko, fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, inadalira citsulo cofulumizitsa popanga amoniya wa fataleza.

Koma munthu asanyengedwe. Pa moto wozizira wa pa dzala, mkuwa wa m'mawaya ukakumana ndi klorini wa m'mapulasitiki ena, uthandiza kubala ululu wochedwa dioxin. Ululuwu ugwera pa msipu ndi m'madzi, nulowa mu mkaka, mazira ndi nsomba, ndipo uyambitsa khansa. N'cifukwa cake lamulo la ku Ulaya lifuna kuti mpweya wa m'ng'anjo zotenthera zinyalala ufike madigiri 850 kwa masekondi 2, ndi kuti utsi usefedwe. Mzinda wa Addis Ababa unatsegula ng'anjo yotere mu 2018 kuti itulutse magetsi. Mcere wofulumizitsa malo ace ndi m'ng'anjo, m'manja mwa akatswiri, osati kuseri kwa nyumba.

Lamulo la zinyalala la mu 2018 linaika udindo umenewu pa makhonsolo, cotero khonsolo ya Kafue iyenera kutola zinyalala pa nthawi yake. Anthu naonso ali ndi mbali yao. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ng'anjo ili kutali, koma dzenje la manyowa ali yense angakumbe lero. Zoola zipite m'dzenje zikadyetse dimba. Mapulasitiki, mawaya ndi mabatire aikidwe padera, osatenthedwa. Akumudzi obwera kudzagulitsa ndiwo ku Kafue abwerere ndi nzeru imeneyi kwao.